Khoma la Msika wa Kambalame

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, monga munthu ali ndi kwawo. Uwu kwawo ndi ku Kambalame, mudzi wa m'mbali mwa msewu wafumbi, kumene kunkakhala bambo wina dzina lake Lufeyo.

Lufeyo ankatchedwa wamisala. Sikuti ankavula kapena kugenda anthu ayi. Mlandu wake unali woti ankayenda m'zigwembe kutola dothi lofiira, loyera ndi lachikasu, n'kumalankhula nalo ngati mlendo. Akafika kunyumba ankalisungunula m'chiphale n'kujambula pachipupa zimene waona masana ndi zimene walota. Ziwirizi sankazisiyanitsa, ndipo ine sindimunena, chifukwa maloto ake anali okongola kuposa masana a anthu ambiri.

Chaka china akuboma analengeza malamulo awiri nthawi imodzi. Loyamba linati mudzi uliwonse ulandira utoto kuti waluso wake akongoletse khoma la msika, ndipo mudzi wa khoma lokongola koposa udzatumiza gule wake kuchionetsero cha kuboma. Lachiwiri linati mudzi umene mwagwa chikuku uuze akuchipatala msanga, ndipo magule onse aimitsidwe mpaka matenda atatha. Anthu a ku Kambalame lamulo loyamba analilandira ndi nthungululu. Lachiwiri linalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Utoto utafika, mudzi wonse unakumbukira mwadzidzidzi kuti Lufeyo ndi mbale wawo. Wokondwa koposa anali mlongo wake, Nasibeko, mtsogoleri wa amayi a chimtali, amene kuyambira utsikana wake ankalakalaka tsiku lodzavina kuboma.

Lufeyo anatchinga khomalo ndi mphasa, nayamba ntchito. Anajambula mtsinje ukukwera phiri, ng'ombe zikudya msipu pamitambo, ndi amayi a chimtali atazungulira bwalo, nsalu zawo zikuuluka. Pakati pa bwalo anaikapo ana onse a m'mudzimo, aliyense ndi nkhope yake. Patsogolo anaika Tamvana, mwana wa Nasibeko, amene Lufeyo ankamukonda ngati wobala yekha.

Khoma lisanathe, chikuku chinalowa m'mudzi. Makolo ananong'onezana nagwirizana kuti ana odwala akawabise m'misasa ya kumunda, kutsidya kwa mtsinje, kumene odutsa mumsewu sangamve chifuwa. Anati adzauza akuchipatala akabwerako kuchionetsero. Mwana mmodzi atamwalira, anamuika mwakachetechete, amayi atadziluma milomo, pakuti kulira kukanafika kumsewu.

Tsiku lina Lufeyo, pofuna dothi lofiira, anatulukira pamisasa ija. Anapeza Tamvana ali gone pamphasa, thupi lili zidzolo zokhazokha, maso ali psuu, akutentha ngati phale.

"Atsibweni," anatero mwanayo mwapansipansi, "pakhoma paja mwandijambula ndikuvina?"

Lufeyo anavomera ndi mutu, koma mtima unamuwawa kwambiri. Atagona analota linthumbu lofiira likutsika phiri, litandanda ngati asilikali, likuwoloka mtsinje osanyowa, likulowa msasa ndi msasa. Kutacha anayenda khomo ndi khomo kunena kuti nkhondo yalowa m'mudzi. Anthu anaseka, amvekere mwezi waoneka, wamisala wayambapo.

Nasibeko anamukokera kuseri kwa nkhokwe. "Achimwene, chonde tsekani pakamwa," anatero. "Mwanayo akumwa zitsamba, achira. Mwayi uwu sudzabweranso."

Lufeyo anali munthu womvera. Anatsekadi pakamwa, koma palibe amene anakumbukira kuuza manja ake. Anabwerera kuseri kwa mphasa zake najambula mpaka utoto wofiira unatha.

Tsiku loweruza, galimoto ya kuboma inabwera ndi mayi Chisuse, woyang'anira za luso. Ng'oma zinalira, amayi a chimtali atavala nsalu zofanana, ndipo mphasa zinachotsedwa. Ng'oma zija zinaleka imodziimodzi. Ng'ombe zinali pamitambo pomwepo, mtsinje ukukwerabe phiri, koma linthumbu lofiira linali litatsetsereka mpaka pabwalo. Nkhope za ana zinali madonthomadontho. Pamalo pa mwana amene anaikidwa m'manda uja panali mapazi awiri okha pafumbi.

Mayi Chisuse anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenako anayang'ana khamu, naona kuti ana ndi ochepa.

"Bambo," anafunsa mofatsa, "zimenezi mwalota kapena mwaona?"

Lufeyo anayang'ana mlongo wake.

"Linthumbulo ndalota, mayi," anayankha. "Anawo ali kutsidya."

Nasibeko anayang'ana nkhope ya Tamvana pakhoma, nayang'ana mapazi awiri aja pambali pake. Kulira kumene mudzi wonse unameza kunatulukira pakamwa pake. Anataya pansi wezulo wake wotsogolera gule, natsogolera alendowo kumtsinje iye mwini.

Galimoto inabwerera kuboma, ndipo dzuwa lisanapendeke inabweranso ndi akuchipatala, mankhwala ndi katemera. Magule anaimitsidwa, ndipo chimtali cha ku Kambalame sichinapite kuchionetsero. Tamvana anachira, koma diso lake limodzi linachita khungu, chifukwa thandizo linafika mochedwa. Pamene anayamba kuyenda, atsibweni ake anamutengera kumsika, ndipo ndi diso lotsalalo mwanayo anadziona akuvina pakhoma.

Panali anthu ena amene ankadandaulabe kuti Lufeyo wawaphera mwayi. Nasibeko akawamva ankawayankha kuti, "Musiyeni mlongo wanga. Ife anzerufe tinkaona chionetsero. Wamisala anaona nkhondo."

Ndiye kwawo kwa mwambi uja kumeneko: wamisala anaona nkhondo. Ukutiphunzitsa kuti chenjezo tisamalitaye chifukwa cha munthu amene walibweretsa. Amene timamunyoza nthawi zina ndiye amaona zimene ife tagwirizana kusaziona. Munthu wotere akadzakuuzani kuti kukubwera zoopsa, yambani mwapita kukayang'ana kutsidya, kuseka kubwere pambuyo.