Wotayipa Makalata ndi Disiki Yachinayi

Ku Mponela kunali bambo wina wotayipa makalata, masiku aja pamene wofuna ntchito ankakhala pabenchi kudikira kalata yake ituluke. Akuluakulu muli muno mukuwakumbuka masiku amenewo. Bamboyu anali ndi kompyuta yakale, yolira ngati chigayo, ndipo m'menemo ankasunga chuma chake chimodzi: mawu a malemu amayi ake akuimba nyimbo ya mumpingo. Anawajambula chaka chomwe anamwalira, ndipo kwina kulikonse mawuwo kunalibe.

Tsono kompyuta siyenda yokha, imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa. Yogula inali yodula, koma kuli anthu amene amapanga zaulere, mitundumitundu. Mnzake wa ku Lilongwe anamubweretsera madisiki anayi, iliyonse ili ndi pulogalamu yaulere yakeyake.

Yoyamba inali yokongola, yosavuta kuphunzira, koma yolemera. Kompyuta inkachita wefuwefu kuti itsegule tsamba limodzi. Anaichotsa. Yachiwiri inali yopepuka ndi yachangu, koma sinkagwirizana ndi pulinta. Anaichotsanso. Yachitatu inali yokhazikika. Chaka chathunthu osavuta, makalata akutuluka, Lamulungu akaweruka kutchalitchi n'kumamvera amayi ake akuimba. Chilema chake chinali maonekedwe achikale basi, ndipo zatsopano zinkafika mochedwa.

Koma mtima wa munthu, abale! Disiki yachinayi inali m'dirowa, ndipo anamva kuti imeneyo ndiye yamakono. Tsiku lina anaitulutsa. Mlongo wake, amene anabwera kudzamuona, anafunsa kuti, "Achimwene, mawu a amayi aja munawakopera pena?"

"Ndidzakopera mawa," iye anatero. "Ine ndi kompyuta tinadziwana kale."

Pulogalamu ikamalowa imafunsa kaye ngati isunge zimene yapezamo kapena ifufute zonse. Maulendo atatu aja ankawerenga funsoli mosamala. Ulendo uno dzanja linali litazolowera, ndipo anangodina osawerenga, uku akucheza.

Yatsopano ija inalowa, yowala bwino. Anafufuza nyimbo ya amayi paliponse, osaipeza. Anatseka kashopu kake dzuwa lili pamutu, nayesa kuiimba yekha, koma mmene amayi ankakokera mzere wachiwiri sanathe kukumbuka. Munthu wamkulu uja analira.

Abale ndi alongo, chisomo cha Mulungu ndi chaulere, koma mipingo imene timachilandiriramo ndi ya anthu. Uwu uli ndi kwaya yabwino koma odwala sayenderedwa. Uwo umaphunzitsa Mawu mozama koma mapemphero ake ndi achikale. Wopanda chilema simudzaupeza. Kuyerekeza si tchimo, ndipo nthawi zina kusamuka n'koyenera. Choopsa ndi kuzolowera kusamuka, chifukwa wozolowera safunsanso chimene akusiya. Amadzadzidzimuka ali pamalo owala, chikhulupiriro chimene analeredwa nacho chitapita, ndipo mawa limene ankati adzachisamala silinafike.