Jekete Yowala ya Felesiya

"Tamverani bwino ana inu, chifukwa sindibwereza," anatero a Sajenti Nankhoma atanyamula m'mwamba kajekete kachikasu kowala. "Jekete iyi siimitsa galimoto. Wezulo uyu saimitsa galimoto. Ngati pamsewu palibe wapolisi, phazi lanu lisaponde phula ndi zinthu zimenezi. Mwamva?"

Anati sabwereza, koma anabwereza katatu. Sukulu yonse inayankha kuti yamva, ndipo amene anayankha mokweza kuposa onse ndinali ine amayi anu.

Takondwa, khala apa. Nawenso Ulemu, sendera. Chibwerereni mng'ono wako ndi jekete ya apolisi dzulo, iwe Takondwa sunasekepo, ndipo ndakuona ukuiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Usakane, diso limenelo ndikulidziwa, linali langa. Mumandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene amayi anu aang'ono a Felesiya amayendera motsimphina, ine n'kumangoti inali ngozi. Lero mumva amene anaiputa ngoziyo.

Nthawi imeneyo ine ndinali sitandade 7, Felesiya sitandade 6. Sukulu yathu inali m'mbali mwa msewu waukulu, kumunsi kwenikweni kwa mtsetse wautali. Miyezi yogulitsa fodya, malole odzaza mabelo ankatsika mtsetse umenewo nthaka n'kumanjenjemera. Chaka chimenecho ana awiri anagundidwa pakhomo pa sukulu. Apolisi a patawuni pathu anali ochepa, osakwana n'komwe makumi awiri, koma anati zatikwana. Anajambula mizere yoyera pamsewu, n'kuyambitsa gulu la ana owolotsa anzawo, ndipo ntchito yosankha anawo anaipereka kwa a Sajenti Nankhoma, mayi wamfupi wa mawu aakulu.

Kasankhidwe kawo kanali kachilendo. Anajambula msewu ndi phulusa pabwalo la sukulu, n'kutiimika m'mbali mwake. Kenako anagubuduza mpira wachikulunga kuti ukaime pakati pa msewu wa phulusawo, n'kukuwa kuti, "Mpira uwo!"

Pothamanga panalibe wondiposa pasukulu ponse. Ndinangoti fwaa, mpira ndatola, ndaupereka m'manja mwa a Sajenti mano onse ali pamtunda. Pocheuka ndinaona Felesiya ali chiimire pamzere, akuyang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso, ngati pabwalo pangadutse basi.

"Dzina lako ndani, iwe watola mpira?"

"Esinati."

"Esinati, iwe wafa kale. Kakhale uko ndi anzako akufa," anatero a Sajenti, sukulu yonse n'kufa nazo ziseko. "Ine sindikufuna othamanga. Ndikufuna odziwa kuima."

Anasankha ana khumi, ndipo woyamba kuvekedwa jekete anali Felesiya. Pambuyo pake a Sajenti anafotokoza zambiri za mmene ntchitoyo iziyendera, wapolisi aziima pati, ana aziima pati, koma ine sindinamvepo kanthu. Makutu anali atatsekeka ndi mkwiyo.

Ana inu, nsanje ndi matenda. Felesiya amene ndinkamubereka kumbuyo, Felesiya woopa ngakhale mwanapiye, ndiye anasanduka bwana wa msewu. Amayi akafika kumsika nkhani inali imodzi: "Mwana wanga wamng'ono uja ndi wapolisi tsopano." Abambo, amene sanagulepo sopo osadandaula, anagula sopo wapadera wochapira jekete yokha. Ine ndinkabweretsa ziphaso za mpikisano wothamanga, amangoti "wachita bwino" maso ali kwina.

Koma chimene chinkandiwawa koposa chinali cha m'mawa uliwonse. Ndinkaima m'mbali mwa msewu pamodzi ndi tiana ta sitandade 1 ta mamina, kudikira kuti mng'ono wanga alize wezulo ndiwoloke. Iye ankalowa pamizere, n'kutukula kadzanja kake, ndipo chilole chachikulu ngati nyumba chinkabwera pang'onopang'ono, n'kupuma kuti tsii, n'kuima patsogolo pake. Madalaivala ankamuchitira sailuti. Ine maso anali pa iye basi, pa iye ndi jeketeyo. Mumtima ndinkati, palibe chanzeru apa, mphamvu ili mu nsaluyo. Atandipatsa ine, ndingaimitse malole awiri nthawi imodzi.

Lachisanu lina madzulo amayi anandipeza kuchipinda nditaivala, ndikudziyang'ana pakagalasi.

"Vula msanga! Unamva zimene ananena apolisi. Chovala chimenecho si chosewera nacho, ndipo ndisadzamve kuti wapita nacho kumsewu."

Felesiya anali pakhomo, ndipo anayankhula mofatsa monga mwa nthawi zonse. "Asiyeni amayi. Achemwali, m'nyumba muno muzivala mmene mungafunire. Koma kumsewu ayi, chonde. Popanda a Sajenti ngakhale ine sindingayerekeze."

Akanandilanda mwaukali bwenzi zili bwino. Kukoma mtima kwakeko ndiye kunandipsetsa mtima zedi. Kamwana aka kakundipatsa chilolezo ine?

M'mawa mwake linali Loweruka, tsiku la msika. Amayi analawirira kuchigayo, Felesiya anali kuseri akuchapa mayunifolomu athu, wanga womwe. Jekete inali itauma kale pachingwe, wezulo ali pamsomali. Ndinazikwatula zonse ziwiri, n'kuzibisa m'chitenje, ulendo wa kumsewu. Ndinkafuna tawuni yonse ione kuti anasankha molakwa.

Pafupi ndi mizere yoyera pankakhala a Nasibeko, mayi wogulitsa zitumbuwa. Atandiona ndikuvala jekete anasiya kukupiza moto.

"Iwe Esinati, lero kulibe sukulu. A Sajenti ali kuti?"

"Andituma ndiyambe, akubwera," ndinanama osaphethira n'komwe.

"Bodza limenelo! Choka pamenepo mwana iwe, malole a fodya ayamba kutsika. Jekete siimitsa galimoto, sunamve?"

"Inu gulitsani zitumbuwa zanu," ndinatero chapansipansi, n'kulowa pamsewu.

Woyamba kubwera anali wa kabaza. Ndinaliza wezulo, iye n'kuponda pansi akuseka. "Pepani bwana, tidutse?" Ndinamuuza adutse. Kenako kunabwera ngolo ya ng'ombe yodzaza matumba a mtedza, nayo inaima. Kenako kagalimoto koyera kochokera kumunsi, kokwera chitunda mwapang'onopang'ono, nako kanaima. Anyamata okazinga chiwaya anayamba kuwomba m'manja, ena kuimba malikhweru. Mutu unakula, ana inu. Ndinkamva ngati ndatalika.

"Esinati, zakwana, tuluka!" a Nasibeko anakuwanso.

Sindinacheuke. M'mbali mwa msewu munali tiana tiwiri togwirana manja, totumidwa mchere kutsidya. Ndinaima pakati penipeni pa msewu, n'kutikodola. "Bwerani, ndikuwolotseni. Musaope, ndilipo ine."

Tiana tija titangoponda phula, ndinamva nthaka ikunjenjemera kumapazi.

Ndinayang'ana kumtunda. Pamwamba pa chitunda panatulukira chilole chofiira, mabelo a fodya atasanjidwa mpaka kumwamba. Sindinaope. Ndinatukula dzanja monga ankachitira Felesiya, n'kuliza wezulo. Chilole chinkabwerabe. Ndinalizanso mwamphamvu, dzanja lili m'mwamba. Chinkabwerabe. Hutala inalira, mabuleki anayamba kukuwa, matayala kufuka utsi, mabelo kugwedezeka, koma chilole chinkangokula, chinkangokula, mpaka ndinaona nkhope ya dalaivala ali kukamwa yasa, akundikupiza ndi dzanja kuti ndichoke. A Nasibeko anagwetsa poto yense wa zitumbuwa, n'kukokera tiana tija kumbuyo. Anthu onse ankakuwa kuti, "Thawa! Thawa!"

Ine katswiri wothamanga uja, miyendo inangouma gwa. Wezulo anagwa pakamwa. Ndinangogwira jekete pachifuwa ngati indipulumutsa.

Amene anathamanga anali Felesiya. Ataona kuti pachingwe palibe kanthu anandilondola wopanda nsapato, thovu la sopo lili m'manja. Mwana amene sankaponda msewu osayang'ana katatu, tsiku limenelo sanayang'ane ngakhale kamodzi. Ndinangomva "Achemwali!" kenako manja onyowa akundikankha pamsana. Ndinakagwera m'ngalande. Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso limene mpaka lero ndimalimvabe ndikatseka maso.

Chilole chinakaima kutsogolo, kupitirira sitolo zitatu. Dalaivala anatsika n'kukhala pansi pafumbi, manja kumutu, bambo wamkulu akulira ngati mwana. "Ndinaponda mabuleki, anthuni, ndinaponda! Katundu uyu saima pafupi!" Felesiya anali gone pamizere yoyera, mwendo wamanzere utapindikira kumene mwendo supindikira. Sankalira. Ankangofunsa kuti, "Achemwali ali bwino?"

Apolisi anafika mwamsanga, ndipo galimoto yawo ndi imene inamutengera kuchipatala, a Sajenti Nankhoma atamugoneka pamiyendo pawo. Ine palibe anandimenya, palibe anandikalipira. Amayi atabwera kuchokera kuchigayo ufa uli kumutu anangondiyang'ana, n'kuyang'ana jekete imene ndinali ndisanavule. Bola akanandimenya.

Lolemba anatiitana kupolisi ine ndi abambo. Ndinkadziwa kuti akanditsekera, ndipo mumtima ndinkati n'zondiyenera. Koma anatilowetsa m'kachipinda kamene amamveramo nkhani za ana, momwe munali mabenchi ndi zithunzi pakhoma. A Sajenti anandifunsa zonse, ine n'kuulula zonse, za bodza lomwe. Atamaliza kulemba anavala chipewa chawo.

"Bambo, mundibwereke mwanayu pang'ono. Esinati, tiye."

Tinayenda mpaka pamizere yoyera paja. Kuchoka pamenepo anandiuza kuti ndiziwerenga mapazi tikukwera chitunda. Ndinawerenga mazana atatu, ndipo tinaima pansi pa mtengo wa mthethe, pamene udzu unali utaperepeseka ndi nsapato.

"Miyezi itatu tsopano, m'mawa uliwonse ndi masana aliwonse, ndimaima pano," anatero. "Lole yodzaza imafuna mtunda wonse wawerengawu kuti iime. Ndimaikupiza ili pamwamba apo, ndipo ikamafika kwa Felesiya imakhala itatha kale mphamvu. Zimenezi ndinafotokoza pamaso pa sukulu yonse. Kuchokera pamizere paja ndimaoneka bwinobwino. Sunandionepo?"

"Ayi."

"Miyezi itatu yonse? Nanga unkayang'ana kuti?"

Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa.

Felesiya anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Madokotala anaupulumutsa mwendo, koma unatsala waufupi. Masabata awiri oyamba ndinkakana kukamuona, manyazi. Tsiku limene amayi anandikoka pamkono kundilowetsa m'wodi, ndinaima kumapazi kwa bedi maso ali pansi.

"Achemwali, mwabwera," anatero akumwetulira. "A Sajenti akusowa munthu wolowa m'malo mwanga. Ndawapempha kuti jekete ija akupatseni inu. Paja munkaifuna."

Sananene mondinyoza, ana inu. Ananena ndi mtima wonse, ndipo ndi chifukwa chake ndinalira mpaka anamwino ananditulutsa.

A Sajenti anavomera. Anati tsopano ndadziwa kuima. Anandiphunzitsa sabata zitatu, n'kundiveka jekete yomwe ija. Ndipo tsiku limene Felesiya anabwerera kusukulu, ine ndinali pamizere. Ndinayang'ana kumtunda, a Sajenti anatukula dzanja pansi pa mthethe, malole awiri anabwera mofatsa n'kuima patsogolo panga. Ndinaliza wezulo. Ana onse anawoloka mothamanga, n'kutsala mmodzi. Felesiya ankabwera ndi ndodo ziwiri m'khwapa, go, go, go, kukoka mwendo pamizere yomwe ija. Msewu umene ankaudutsa modumphadumpha unamutengera nthawi yaitali, ndipo tawuni yonse inkangoyang'ana. Dalaivala wina anandichitira sailuti.

Zonse zimene ndinkasirira ndinazipeza tsiku limenelo: jekete, wezulo, malole awiri, maso a anthu. Ndikanatha, ndikanazibweza zonse kuti mng'ono wanga aponde pansi ndi miyendo iwiri yofanana. Koma msika wosinthira zimenezo kulibe.

Ndiye Takondwa, pukuta misozi undiyang'ane. Akuluakulu anati samvamkunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma sanakuuzeni kuti nthawi zina nkhwangwayo imagwera m'mutu mwa m'bale wako. Jekete ya Ulemu usaikhudze. Ukaifuna, kaime pamzere chaka chamawa akuyese. Nawe Ulemu, usanyade nayo, ndi nsalu chabe. Popanda wapolisi pamsewu, phazi lanu lisaponde phula ndi chovala chimenecho, kaya wakutumani ndani, kaya anthu akuwomba m'manja chotani. Apolisi akanena, aphunzitsi akanena, ine ndikanena, muzimva ndi makutu onse awiri.

Mawa amayi anu aang'ono akubwera kudzationa. Mukawamva akukoka phazi pakhonde, muthamange mukawalandire chikwama.