Khosi la a Ndikudziwa

Pamsewu wopita kumsika panali kashopu kotayipiramo makalata, kopanikiza moti anthu atatu akalowa, wachinayi ankayankhulira pawindo. Mwini wake anthu ankawatchula kuti a Ndikudziwa, chifukwa ukangoyamba kuwauza kanthu, ngakhale kuti chingwe cha nsapato chamasuka, ankakudula pakamwa: "Ndikudziwa!"

Akazi awo anali atatha chaka akuphunzira kukonza makompyuta kusukulu ya ntchito zamanja. Tsiku limene anakalembetsa, a Ndikudziwa anaseka mpaka kutsamwa. "Mayi a ana, kompyuta si mphika woti muvundukule n'kulawa mchere!" Mayiwo anangonyamula chikwama chawo cha zida n'kumapita.

Lolemba lina m'mawa, a Ndikudziwa anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta fumbi pamabatani, kompyuta ili chiyakire. Kenaka anatukula maso. Zonse za pasikirini zinali zitagona cham'mbali ngati chidakwa pabenchi. Anazimitsa, anayatsa, anaiopseza ndi chala, koma zilembo zinangoti gonee. Pathebulo panali mulu wa mafunso a mayeso amene aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi anasiya kuti atayipidwe pofika Lachinayi.

Foni inali m'thumba, ndipo nambala ya akazi awo ankaidziwa pamtima. Koma mwamuna wa ndevu zake angafunse nzeru kwa munthu amene iye mwini anamuseka? Anapendeketsa mutu mpaka khutu linatsamira paphewa, ndipo taonani, zilembo zinawerengeka! Anayamba kutayipa, akudziyamikira mumtima.

Tsiku lonse anagwira ntchito chomwecho. Mayi wina amene anabwera kudzafotokopa chiphaso, powaona atapendeketsa mutu, anayesa kuti akumumvera chisoni, ndipo anakhala pansi n'kuwafotokozera mavuto a m'banja lake kwa ola lathunthu. Mkulu wina wogulitsa nsapato anaima pawindo n'kupendeketsanso mutu wake kuti aone chimene chikuonedwa.

Madzulo atafika kunyumba, khosi linakana kubwerera m'malo.

"Bambo a ana, khosi latani?" anafunsa akazi awo.

"Ndi pilo uja. Ndakhala ndikunena kuti ndi wouma."

"Koma m'mawa munatuluka muli chiwongokere."

"Ndikudziwa!"

Tiyi ankamwa movutikira, theka likutsikira m'kolala ya shati.

Lachiwiri anaitana mnzawo wokonza mawailesi, poti mavuto a amuna amathedwa ndi amuna. Mnzawoyo anagogoda sikirini ndi chala, anaikapo khutu, kenaka anainunkhiza.

"Achimwene, nkhani ndi yaing'ono," anatero. "Ngati zilembo zagona, igonekeni nayonso sikiriniyi. Zidzuka zokha."

Anaigoneka cham'mbali, n'kuichirikiza ndi njerwa ziwiri ndi buku lalikulu. Zilembo zinaimadi njo! Wamawailesi anaomba m'manja. Koma a Ndikudziwa sanasangalale, pakuti khosi lawo linali litauma kale, ndipo kwa iwo zilembo zinali zitagonanso, tsopano mbali inayo.

Wamawailesi anakanda mutu. "Ndiye palibe kuchitira mwina, achimwene. Gonani inuyo."

Lachitatu masana, aphunzitsi aakulu anabwera kudzaona ntchito. Anapeza mwini shopu atagona cham'mbali pabenchi, nsapato zili pansi, akujompha mabatani ndi chala chimodzi ngati nkhuku yosankha chakudya. Anatola tsamba limene linali litatuluka kale, n'kuwerenga mokweza.

"Funso lachitatu: Tchulani ziweto zinayi zimene zimaphunzitsa pasukulu yanu." Anavula magalasi. "Bambo, ine ndinalemba kuti ziweto zinayi zimene zimapereka mkaka. Mwasakaniza mizere iwiri! Mukufuna aphunzitsi anga andithamangitse?"

"Ndikudz..." anayamba a Ndikudziwa, koma aphunzitsiwo anawadula pakamwa.

"Mayeso ndi a ana mazana awiri, ndipo akulemba Lachisanu. Bweretsani mapepala anga, ndikapereke kwina. Ndipo sukulu yathu musadzaionenso."

Sukuluyo ndi imene inkadyetsa kashopuko chaka chonse. A Ndikudziwa anayesa kudzuka kuti apepese, koma benchi linapendekeka, iwo n'kugwera pansi kuti khu, miyendo m'mwamba.

Nthawi yomweyo pakhomo panaima akazi awo, atanyamula kabotolo ka mankhwala opaka pakhosi. Anayang'ana amuna awo pansi, anayang'ana njerwa, anayang'ana sikirini. Analuma milomo kuti asaseke pamaso pa mlendo.

"Zayamba liti izi, bambo a ana?"

"Lolemba," anayankha a Ndikudziwa chapansipansi.

Mayiwo anachotsa njerwa, anaimika sikirini bwinobwino, n'kudina mabatani atatu nthawi imodzi. Zilembo zinadzuka ngati ana asukulu mphunzitsi akalowa.

"Basi?" anafunsa wamawailesi, amene anali atangofika ndi njerwa yachitatu.

"Basi. Izi tinaphunzira sabata yoyamba."

Anakoka mpando n'kuyamba kutayipa, zala zikuthamanga ngati mvula padenga la malata. Aphunzitsi aakulu anabweza mapepala pathebulo n'kukhala pansi kuonerera. Dzuwa lisanalowe, mafunso onse anali atatuluka opanda cholakwika.

"Mayi, kusukulu kwathu kuli makompyuta asanu ndi imodzi amene anafa kalekale," anatero aphunzitsiwo. "Tinangowafunditsa nsalu. Mungabwere Lolemba mudzawaone? Akadzuka, ntchito yowasamalira ndi yanu."

"Ndibwera, aphunzitsi."

Alendo atachoka, a Ndikudziwa anayang'ana akazi awo cham'mbali, poti njira ina yoyang'anira analibe.

"Mayi a ana," anatero potsiriza, "mabatani aja ndi ati?"

"Simukuwadziwa?"

"Sindikuwadziwa."

Mayiwo anaseka tsopano, kuseka kwa chaka chathunthu, mpaka misozi. Kenaka anawagwira dzanja n'kuwaonetsa batani limodzilimodzi.

Khosilo linatenga masabata awiri kuti liwongoke, ndipo masiku onsewo aliyense wokumana nawo pamsewu ankawapatsa moni atapendeketsa mutu. Ululu wa masabata awiri pa chinthu chimene funso limodzi pafoni likanathetsa madzi a tiyi asanawire! Akuluakulu sananame ayi: safunsa anadya phula.