Kapepala Kokandidwa ndi Leza

Panali mayi wina wasayansi, dzina lake Nasimango. Ankagwira ntchito m'labotale yoyandikana ndi chipatala, pansi pa mkulu wake, Bambo Mangulenje. Awiriwa anapanga kapepala ka pulasitiki kopyapyala, kophimba chilonda cha moto kenako n'kusungunuka kokha khungu likamera.

Kapepalako kanali kosalala, konyezimira. Aliyense wokaona ankachita nako chidwi. Koma Nasimango akakaika m'mbale pamodzi ndi maselo, tizigawo tamoyo topanga khungu, maselowo ankalephera kugwira. Ankaterereka n'kufa.

M'labotalemo munali makina a leza, otulutsa kuwala kowotcha kowonda kuposa tsitsi. Nasimango anapempha kuti akande kapepalako ndi kuwalako, maselo apeze pogwira. Bambo Mangulenje anakana. Akuluakulu a zaumoyo anali pafupi kubwera kudzaona ngati kapepalako kangayesedwe pa odwala.

"Asangalale kaye ndi maso, mayi," anatero. "Zinazo tidzakonza akatilola."

Nasimango ankadutsa pa wodi ya anthu opsa popita kuntchito. Ankamva kubuula kwawo akamasinthidwa mabandeji. Ankadziwa kuti "tidzakonza" ameneyo adzachitikira pa zilonda zawo.

Tsiku la alendo, anatenga timapepala tonse tokonzedwa kuti tionetsedwe, n'kutiika pansi pa leza. Kuwala kunayenda, kujambula timizere tosaoneka ndi maso. Timapepala tija tinatuluka totuwa, tokhakhala. Tina anatiika m'mbale za maselo, totsalato anatiyala patebulo.

Alendo anabwera, anagwira ndi zala, anakwinya nkhope. Anapita osalola chilichonse.

"Mwandichititsa manyazi!" anakalipa Bambo Mangulenje. "Mupepese pamaso pa antchito onse."

"Sindipepesa, bambo. Chilonda chilibe maso. Chimafuna chogwira."

Anamuchotsa m'labotale n'kumuika kuchipinda chosungiramo katundu. Anzake anayamba kumuzemba. Ena anamunong'oneza kuti angogonja, mawu awiri okha ndipo nkhani itha. Iye ankangopukuta fumbi pa makatoni. Mtima unkamuwawa, koma mutu sanaweramitse.

Patapita masiku, Bambo Mangulenje anapita kukataya mbale zimene Nasimango anasiya. Asanataye, anasuzumira imodzi pa makina okulitsa zinthu. Maselo anali amoyo. Anali atandandalika m'timizere tija, kugwirana, kudzaza kapepala konse.

Bamboyo anakhala pampando nthawi yaitali. Kenako anayenda mpaka kuchipinda chija, n'kuima pakhomo.

"Mayi, bwererani ku ntchito yanu. Zakale tiiwale."

Nasimango anaika pansi nsanza yake.

"Kubwerera ndibwerera. Koma muwaitanenso alendo aja, ndipo muwauze nokha kuti kosalala kaja kankapha maselo. Ine ndidzaima pambali panu."

Bamboyo anavomera ndi mutu.

Tsono inu mukundimvanu, mudzakumana nawo anthu okuuzani kuti musalalitse ntchito yanu kuti ikondweretse oyang'ana. Mufunse kaye kuti ikagwera pa thupi la yani. Ngati mukudziwa kuti ikamupweteka, kanani. Akakukankhirani pakona, khalani pamenepo mutu uli m'mwamba. Ndipo musapepese chifukwa cha chinthu chimene munachita molondola.