Batire la Thiraki ndi Mtsuko wa Abiti Ndembo

Che Aubi Ndembo anafika pamzikiti pathu titangomaliza swala ya masana, m'mwezi wa Novembala, malata akulira ndi kutentha. Anthu anali atabalalika kale. Pakhonde tinatsala awiri: Shehe Jafali Mpache, amene anandiphunzitsa kuwerenga ndi kupemphera, ndi ine, amene lero ndimaphunzitsa ana pamadrasa omwewo, kuno kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Shehe anali akusoka nsapato yawo yoduka lamba, pakuti sankataya chinthu chimene chikadathandiza.

Ndinene poyera kuti Che Aubi sindinkamukonda. Allah andikhululukire, koma ndi momwe zinalili. Anali atatha zaka zisanu ndi zinayi ku Joni akuyendetsa mathiraki, ndipo akabwera kumudzi kamodzi pachaka, ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti wabwera. Makapeti amene timaswalirapo anagula ndi iye. Zokuzira mawu za padenga la mzikiti anagula ndi iye. Choncho akalakwa panalibe wotsokomola, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Koma tsiku limeneli anabwera mwakachetechete. Mayi ake anali atamwalira mwezi wapitawo, ndipo sadaka ya masiku makumi anayi inali itatsala sabata imodzi.

Mayiwo ankadwala shuga, ndipo ankabayidwa mankhwala m'mawa ndi madzulo. Mankhwala amenewa sagwirizana ndi kutentha. Akatenthedwa amaoneka bwinobwino m'kabotolo, koma mphamvu mulibe. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mlongo wake wa Che Aubi, Abiti Ndembo, ankawasunga m'kamtsuko kadothi kokwiriridwa mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, monga anamulangizira anamwino. Katatu patsiku ankathira madzi pamchengapo, madzi otunga yekha kuchitsime. M'mwezi wa Juni Che Aubi anabwera ndi kafiliji koyera, panelo ya sola, ndi batire lalikulu lakuda. Anauseka mtsuko uja pamaso pa anthu, nati mankhwala a mayi ake si thobwa kuti azikhala m'dothi. Anaunyamula n'kuuswa pamwala. Anthu anaomba m'manja, ndipo inenso ndinaomba.

Pofika Okutobala filiji ija inali itasiya kuzizira. Kanyali kake kobiriwira kankayakabe, koma m'kati munali mofunda ngati m'khwapa. Mayi aja anayamba ludzu losatha, anaonda, ndipo anatsirizikira pangolo popita kuchipatala. Tsopano mudzi unali kunong'ona kuti Abiti Ndembo anatopa n'kudwazika, anangowalekerera mayi ake kuti afe. Ena ankatchula mawu oipa kuposa pamenepo, amene sindiwalemba pano. Iye akafika pachitsime nkhani zinkatha, ndipo panalibe womusenza ndowa.

"Asalamu alaikumu, Shehe," anatero Che Aubi akuvula nsapato.

"Wa alaikumu salamu, Che Aubi. Khalani pamphasa apa. Pepani ndi zovuta zija."

"Zikomo, Shehe. Ndabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya sadaka. Ndagula ng'ombe ziwiri ndi matumba asanu a mpunga. Ndikufuna anthu adye mpaka a ku Nayuchi adziwe kuti mayi anga anabala mwana wamwamuna."

"Allah alandire cholinga chabwino. Nanga yachiwiri?"

"Yachiwiri ndi ya mlongo wanga. Ine ndine mwini mbumba, ndipo sindikufuna dzina la banja lathu lizitafunidwa m'misewu. Pempho langa n'lakuti patsikulo muwakumbutse anthu kuti imfa ndi chikonzero cha Allah. Mukatero mumuitane Abiti Ndembo apepese pagulu chifukwa cha kusasamala kwake, ife timukhululukire, nkhani ithere pomwepo. Kodi si mmene chipembedzo chimafunira, kuti wolakwa alape?"

Shehe anakoka ulusi, naudula ndi mano, naika nsapato ija pambali.

"Ndisanayankhe, ndiloleni ndifunse ngati mbuli, poti inu ndinu katswiri wa magalimoto. Batire la thiraki ntchito yake n'chiyani?"

Che Aubi anadabwa, koma funsolo linamukomera. "Kuliza injini, Shehe. Lija ndinabweretsa lija limadzutsa thiraki ya matani makumi atatu m'mawa wozizira, kamodzi n'kamodzi."

"Ntchito imeneyo imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kuphethira kwa diso. Masekondi atatu kapena anayi."

"Injini ikalira?"

"Injiniyo imalibwezera mphamvu yake, ulendo wonse."

"Ndiye kuti kuchoka ku Joni kufika pa Mwanza, batirelo limagwira ntchito masekondi anayi, kwinako likungodya?"

"Tingatero, Shehe," anayankha akumwetulira pang'ono.

"Ndikufotokozereni chimene ndinaona," anatero Shehe. "Mlamu wanga ali ndi boti panyanjapa. Atafuna kuikamo nyali ndi kapampu kokapira madzi, anagula batire la galimoto poti ndi lotsika mtengo. Linatha miyezi itatu n'kufa. Anagula lina, linafanso. Safunsa anadya phula, ndipo mlamu wanga anadya kawiri. Kachitatu ndinamuperekeza ku Liwonde. Wogulitsa anatiikira mabatire awiri patebulo, ofanana msinkhu, n'kutiuza kuti tiwanyamule. Lina linali lolemera kuposa linzake. Anati lopepukali m'kati mwake muli mapuleti ambiri opyapyala, opangidwira kutulutsa mphamvu yonse kamodzi. Mukamalikama pang'onopang'ono mpaka kuuma, mapuletiwo amanyenyeka, ndipo pakapita masiku silidzukanso. Lolemerali ndi lija amati dipu saiko. Mapuleti ake ndi ochepa koma ochindikala. Silinapangidwire kudzutsa thiraki. Ntchito yake ndi kupereka pang'onopang'ono tsiku lonse, kutsika mpaka kutsala pang'ono kutha, mawa dzuwa likatuluka n'kudzazanso, n'kuyambiranso, zaka ndi zaka. Ndi limene amaika m'maboti, m'nyumba za sola, ndi m'magalimoto aja alendo amagonamo. Mlamu wanga ali nalo mpaka lero."

Kenako Shehe anati, "Filiji, Che Aubi, sifuna kudzutsidwa. Imafuna kudyetsedwa."

Kumwetulira kuja kunachoka. "Batire langa linalibe vuto, Shehe. Mlongo wanga ndiye sanadziwe kagwiritsidwe ntchito kake. Akazi akumudzi ndi zinthu zamakono n'zosiyana."

"N'kutheka. Kodi anakuimbirani foni?"

Che Aubi anayang'ana pamphasa. "Anaimba."

"Kangati?"

"Kawiri. Kapena katatu."

"Anati chiyani?"

"Anati filiji sikuzizira. Anati ndimulole akaumbitse mtsuko wina."

"Inu munati chiyani?"

Ndinamva mbuzi ikulira kuseri kwa mzikiti, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa munthuyo kulowa m'kanzu yake yoyera.

"Ndinati batire lodzutsa thiraki silingalephere kafiliji," anayankha ndi mawu otsika. "Ndinati asakhudze kanthu. Ndinati ndikadzamva kuti wabwezera mankhwala a mayi m'dothi, asadzanditchulenso kuti achimwene."

Mtima wanga unawira. Munthu ameneyu ankadziwa zonsezi kuchokera pachiyambi, koma anabwera kudzapempha kuti mlongo wake agwade pagulu. Ndinkalakalaka Shehe amulalatire mpaka afote. Naye Che Aubi ayenera kuti ankayembekezera zomwezo, chifukwa anadzutsa mutu mwaukali.

"Ndiye mukuti ndinapha mayi anga ndine? Kodi tsiku la munthu silinalembedwe kale? Si inu nomwe mumatiphunzitsa zimenezo Lachisanu lililonse?"

"Tsiku linalembedwa," anatero Shehe modekha, "ndipo palibe batire kapena mtsuko umene ukanalisuntha. Zimenezo n'za Allah, sadzatifunsa ife. Chimene adzatifunse ndi cha manja athu ndi pakamwa pathu. Ndipo pankhani imeneyi, Che Aubi, inu musanafunsidwe ndidzayamba kufunsidwa ndine."

Tonse awiri tinawayang'ana.

"Tsiku limene munatsitsa katundu uja ndinalipo. Batire lija ndinaligwira ndi dzanja langa, ndinadziwa kuti ndi la thiraki. Ndinadziwa kuti silifika nthawi ya mvula. Koma mawondo anga anali atangolawa kumene kapeti wanu watsopano, anthu akuomba m'manja, ndipo ndinati mumtima, ndidzamuuza mawa pambali kuti asachite manyazi. Mawa lakelo munanyamuka m'mamawa. Kenako ndinaiwala, kapena ndinasankha kuiwala, Allah ndiye akudziwa. Nyumba ya mayi anu ili apo, mtunda woti munthu akaitana ndimamva, koma sindinapiteko kukagwira filijiyo ngakhale kamodzi. Ndipo ndine ndinatsogolera swala pajeneza lawo, tsiku la maliro, ndikudziwa zonsezi. Inu simunkadziwa kusiyana kwa mabatire. Ine ndinkadziwa."

Pazaka zonse zimene ndinakhala pamapazi pawo, sindinawaonepo Shehe akulira, ngakhale pamaliro a mkazi wawo. Tsiku limenelo misozi inatsikira m'ndevu zawo, ndipo sanaipukute. Ukali wanga unasanduka manyazi. Ndinakumbukira kuti mtsuko uja ukusweka ndinaomba m'manja mwamphamvu kuposa ena, ndiponso kuti mwezi wonsewu mkazi wanga ankabwera nazo nkhani za kuchitsime, ine n'kumangomvetsera osamuletsa.

Che Aubi anavula mzuli wake, naupinda m'manja. Munthu amene anabwera kudzakonza mlandu wa mlongo wake analira ngati wamasiye, ndipo analidi wamasiye. Shehe anamuleka kuti alire.

Atatonthola anati, "Ndiye nditani, Shehe? Ndiuzeni. Ndionjezere ng'ombe yachitatu? Ndimange mzikiti wa njerwa zootcha m'dzina la mayi? Chilichonse chimene munene ndichita lero lomwe."

Ngakhale ali m'misozi, munthuyu ankangodziwa kuliza injini basi. Koma apa sindinamuseke, ndinamumvera chisoni.

Shehe anatenga nsapato yawo ija, naivala, nayesa lamba ngati wagwira. Kenako anamuyang'ana m'maso.

"Ng'ombe ziphedwe, osauka adye, palibe choipa. Koma ng'ombe ndi masekondi anayi, mwana wanga. M'nyumba mwa mayi anu munali kale batire loyenera. Linkapereka pang'onopang'ono, m'mawa, masana ndi madzulo, zaka zisanu ndi chimodzi, likutha mpaka pansi n'kudzukanso mawa lake, popanda woliombera m'manja. Inu munalichotsa ine ndikuonerera, ndipo lero mukufuna lipepese. Zimenezo sizichitika pakamwa panga. Patsiku la sadaka, anthu asanasambe m'manja, ndidzaimirira kunena kulakwa kwanga ndi kuyeretsa dzina la Abiti Ndembo. Ndikadzakhala pansi, mpata udzakhala wanu."

"Pamaso pa anthu onse, Shehe?"

"Mtsuko munauswa pamaso pa anthu onse. Koma musadikire tsiku limenelo, chifukwa kuimirira kamodzi pagulu mumakutha kale. Nthawi ino mlongo wanu ali kuchitsime, yekha, palibe womusenza. Pitani mukamulandire ndowa, muisenze pamutu panu akazi onse akuona, mukaitule pakhomo pake. Mawa mukachitenso chimodzimodzi, ndi mkuja, ndi tsiku linalo, mpaka adzakutchuleni yekha kuti achimwene."