Tayala Latsopano pa Galimoto ya Apongozi

Mu sitolo ina ya nsapato munkakhala bambo amene ankadziwa phazi la munthu pongoliyang'ana. Kasitomala akalowa, iye sankafunsa saizi. Ankangoponya diso pansi, n'kutembenukira ku mashelefu, n'kutsitsa bokosi, ndipo kawirikawiri nsapatoyo inkakwana. Anzake a mumsewuwo ankangomutcha Wansapato. Luso limeneli ndi lomwe linamuwononga, chifukwa munthu akazolowera kulondola osafunsa, amayamba kuona ngati kufunsa n'kudzitsitsa.

Panali munthu mmodzi amene Wansapato analephera kumuyeza, apongozi ake aamuna, bambo a mkazi wake. Achikulirewo anali atapuma pa ntchito yogulitsa mankhwala, ndipo anali munthu wa mawu ochepa ndi wadongosolo, woti ngakhale ambulera m'nyumba mwawo inali ndi msomali wakewake. Chiyambire banja, sananenepo choipa kwa mkamwini wawo, koma chabwinonso sanachinenepo. Wansapato ankalakalaka kumva kamodzi kokha pakamwa pawo mawu akuti, "Apa mwachita bwino." Sankauza munthu, koma nkhaniyi inkamudya mumtima.

Mpata unapezeka maso a achikulirewo atachita ng'ala. Madokotala anati ayamba ndi diso limodzi, likapola agwire linalo, ndipo chipatala chake chinali kutali, kumene kunkakhala mwana wawo wamwamuna. Zinali zoti akakhala kumeneko miyezi ingapo. Tsiku lonyamuka anaitanira mkamwini ku galaja n'kumupatsa makiyi a galimoto imene chiwongolero chake chinali chisanagwiridwepo ndi munthu wina. Inali galimoto yaitali, yokoka ndi mawilo onse anayi, yakale ndithu koma yosamalidwa kuposa anthu ena.

"Muziiyendetsa, isamangokhala," anatero apongozi. "Galimoto ikaima nthawi yaitali imadwala."

"Musadandaule, bambo. Mudzaipeza bwino kuposa mmene mukuisiyira."

Achikulirewo anatsegula pakamwa ngati akufuna kuwonjezera kanthu, koma mkamwini anali atawerama kale, akupukuta nyali ndi mpango wake wa m'thumba. Choncho anangotseka pakamwa n'kukanyamula chikwama.

Masabata oyamba zinthu zinayenda. Kenako tsiku lina, akuchokera kokaoda nsapato, Wansapato anakhotera pafupi ndi pamalo pamene ankamanga nyumba, ndipo chitsulo chosongoka chinang'amba tayala lakumbuyo m'mbali, mng'alu wolowa dzanja. Loterolo silimatika. Anatulutsa jeke, natsitsa tayala la sipeya limene linkakhala pa chitseko chakumbuyo. Atalivula chovala chake anatsonya. Mano ake, timizere tija togwira msewu, anali operepeseka chimodzimodzi ndi matayala enawo.

"Dongosolo lonse lija, sipeya yomwe n'kukhala yakutha," anadziyankhulira. Analimanga, ndipo galimoto inayenda mpaka kunyumba popanda chovuta chilichonse.

Anapeza mkazi wake akusita mayunifolomu a ana, namufotokozera zonse.

"Aimbireni bambo," anatero mkaziyo osatukula mutu.

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti andipatsa galimoto dzulodzuloli, ine ndang'amba kale tayala?"

"Muwafunse chochita. Galimoto ija amaidziwa kuposa mmene amatidziwira ife ana awo."

"Tayala ndi tayala, amayi. Lakuda, lozungulira. Chofunsa n'chiyani pamenepo? Munthu ali ndi thonje m'diso, ine ndizikamuvutitsa ndi nkhani za matayala? Ndigula latsopano, labwino kuposa onse ali pamenepo. Akadzabwera adzaona okha kuti anasiyira munthu."

"Chabwino, a katswiri," anatero mkazi wake, n'kutembenuza malaya.

M'mawa mwake Wansapato anali pa malo ogulitsira matayala. Panali phokoso la makina opopera mpweya ndi fungo la mpira, ndipo matayala anali ataunjikidwa mpaka kudenga. Anauza mwini malowo kuti amupatse tayala la saizi yomweyo, lapamwamba kuposa onse amene ali nawo. Mwini malo anazungulira galimoto, nawerama kusuzumira kunsi, n'kudzuka akupukuta manja.

"Limodzi lokha, achimwene?"

"Nanga ndang'amba angati?"

"Ayi, ndimangoti ndidziwe. Imeneyi imakoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe, eti? Eni ake ati bwanji?"

Mawu akuti eni ake anamulasa Wansapato. Sanadziwe kuti munthuyo waonera pati, kaya pa mpando umene sunali wa msinkhu wake, kaya pa mmene ankagwirira makiyi.

"Mwini wake ndi amene mukulankhula nayeyu," anayankha. "Ndili ndi sitolo yoti ndikatsegule."

Mwini malo anali ndi anthu ena pamzere, ndipo salipidwa kuti azikangana ndi ogula. Anangokweza mapewa n'kukatenga tayalalo. Linali lokongoladi, lakuda bii, mano ake akuya olowa nsonga ya chala, tiubweya ta mpira tidakali njo. Anachotsa sipeya ija n'kuibwezera pa chitseko chakumbuyo, namanga latsopanolo. Wansapato anaima chapatali n'kuliyang'ana nthawi yaitali. M'mutu mwake ankamva kale mawu a apongozi akumuyamikira.

Chimene sanadziwe n'chakuti kunsi kwa galimoto yotere kumakhala bokosi logawa mphamvu ya injini ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Bokosilo limafuna kuti mawilo onse azizungulira mofanana. Tayala latsopano, poti mano ake sanadye msewu, limakhala lalikulupo pang'ono, choncho pa mtunda womwewo limazungulira mochedwerapo kuposa anzake. Diso silingaone kusiyanako, koma bokosi limakumva. Limayesa kuti wilo lina likuterera, n'kumalimbana kuti liwafananitse, lero, mawa, mkucha, osapuma. Mafuta ake amatentha, zitsulo n'kuyamba kudyana.

Galimoto siibisa matenda. Poyamba inayamba kung'ung'udza chapansipansi ikathamanga pa msewu wowongoka. Wansapato anati ndi phula la msewu, n'kukweza wailesi. Kenako ikamakhota pang'onopang'ono polowa pa geti, inkanjenjemera ngati ikukana kulowa. Iye anati ndi miyala. Tsiku lina mkazi wake potsika ananunkhiza mpweya.

"Kukununkha ngati mafuta opserera. Simukumva?"

"Ndi galimoto ya anthu adutsa apayi."

"Palibe yadutsa apa."

"Ndiye kuti inadutsa kale."

Lamlungu lililonse mkaziyo ankalankhula ndi bambo ake pa foni. Akatha za diso ndi za ana, achikulirewo ankafunsa ngati bambo a kunyumba ali pafupi. Mkaziyo ankaloza foni kwa mwamuna wake, koma iye ankagwedeza dzanja n'kunong'ona kuti, "Auzeni zonse zili bwinobwino." Ankaopa kuti akangoyamba kucheza nawo, lilime limupereka lisanafike tsiku loti tayala lidzilankhulire lokha.

Tsikulo linafika. Wansapato anatsuka galimoto, napaka tayala lija mafuta onyezimiritsa, n'kupita ndi mkazi wake kukachingamira apongozi kokwerera mabasi. Achikulirewo anatsika atavala magalasi akuda, akuyenda mosamala, chifukwa diso lachiwiri linali lisanapoleretu ndipo kuwala kunkawavuta. Anakhala kutsogolo, nasisita chiwongolero ndi dzanja limodzi ngati akupereka moni. Tayala sanalione.

Potuluka pamalo oimika magalimoto panali pokhota mopanikiza. Wansapato atapinda chiwongolero, galimoto inanjenjemera yonse, kunsi kunamveka kukukuta kwa zitsulo, kenako kugunda kumodzi kolemera.

"Imani," anatero apongozi. "Zimitsani injini."

Anatsika, naima kaye akununkhiza. Kenako anayamba kuzungulira galimoto dzanja lili pa matayala. Loyamba analisisita n'kudutsa, lachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa lakumbuyo lija, chala chawo chinamira m'mano ake, ndipo anakhala chiweramire kwa kanthawi. Wansapato anasendera pafupi, akuyembekezerabe kuti mwina mawu aja atuluka.

"Layenda nthawi yaitali bwanji ili?"

"Chichokereni inu, bambo. Pafupifupi. Lakale linang'ambika, ndiye ndinati ndisakubwezereni chinthu chachabe."

"Itanani galimoto yonyamula zinzake. Iyi isasunthenso ndi mphamvu yake."

Ku galaja yokonzera magalimoto, makaniko anamasula kabawuti kunsi n'kutchera beseni. Mafuta anatuluka akuda, onunkha kupsa, odzaza tizidutswa ta zitsulo tonyezimira. Anati bokosi latha, ndipo kutentha kwake kwakhudzanso zitsulo za kumbuyo. Anatinso galimoto za mtundu umenewo anasiya kale kupanga, choncho bokosi lina lingapezeke kapena ayi, iye sangalonjeze. Atanena zimenezo anapita kukagwira galimoto ina, n'kuwasiya awiriwo pa benchi. Mkazi uja anali atapita kukatenga ana kusukulu.

Apongozi sanakalipe, ndipo kusakalipako kunali kowawa kuposa kukalipa.

"Inu mumagulitsa nsapato," anayamba motero. "Munthu atabwera kuti nsapato yake yakumanzere yang'ambika, mungamugulitse yatsopano imodzi ya chidendene chachitali kuti azivala ndi yakaleyo?"

"Ayi, bambo. Angamatsimphine. Msana ungamupweteke."

"Ndiye mwaitsimphinitsa miyezi yonseyi. Sipeya ija munaiona?"

"Ndinaiona. Inali yakutha ngati enawo."

"Ndimachita dala. Matayala asanu aja ndimawasinthanitsa malo kuti azitha mofanana, kuti limodzi likafa, lolowa m'malo likhale lofanana ndi anzake. Munali mutamanga kale tayala loyenera ndi manja anu. Kenako munakalipira munthu kuti alichotse."

Wansapato anayang'ana pansi. Anafuna kunena kuti cholinga chake chinali chabwino, koma anaona kuti achikulirewo akudziwa kale zimenezo, ndipo sizikuchotsa kachitsulo ngakhale kamodzi m'beseni muja.

"Za galimoto zisiyeni, ndi chitsulo," anapitiriza apongozi, atavula magalasi n'kupukuta diso lomwe linkatuluka misozi chifukwa cha kuwala. "Ndikanatha kuitsekera m'galaja n'kuchotsa batire. Ndinakupatsani inu dala. Ine kucheza sindikutha, mukudziwa. Ndinati munthu akakhala ndi galimoto yanga, tsiku lina adzaimba kufunsa za mafuta, kaya za mpweya wa m'matayala, ndiye tidzapeza poyambira. Ndinkakhala kuja maso ali omanga, foni ili pa bondo. Ikalira ndinkati ndi inu."

Anavalanso magalasi aja n'kudzuka.

"Ndinkayesa mulibe chofunsa. Kani munali nacho, koma munaona kuti bola galimoto ife kusiyana n'kulankhula nane."

Wansapato anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndi chisoni pamwamba pake, chifukwa anazindikira kuti chimene ankachisakasaka zaka zonsezi chinali chitamudikira pa foni Lamlungu lililonse, iye n'kumachigwedezera dzanja. Anati, "Pepani, bambo," koma mawuwo anatuluka aang'ono. Achikulirewo anangogwedeza mutu, natenga makiyi kwa makaniko n'kuwaika m'thumba la jekete lawo. Anakana kuperekezedwa, n'kukwera takisi okha.

Makaniko anamasula tayala latsopano lija kuti abwezerepo sipeya, nafunsa kuti aliike pati. Panalibe poliika. Mwini malo a matayala sakanalilandiranso poti linali litayenda, ndipo apongozi anali atanena potuluka kuti ndi la amene analigula. Choncho madzulo a tsikulo anthu a mumsewu wa masitolo anaona Wansapato, bambo wa tayi ndi nsapato zopolisha, akugubuduza tayala m'mphepete mwa msewu ngati mwana wosewera. Wometa tsitsi woyandikana naye anatulukira pakhomo lumo lili m'manja.

"Tayala labwino zedi ili, a neba. Nanga galimoto yake ili kuti?"

Wansapato anakankhira tayalalo m'sitolo n'kutseka chitseko. Galimoto ija ikadali ku galaja, yofundidwa lona, kudikira bokosi limene silinapezekebe, ndipo achikulirewo akamaimba Lamlungu amafunsa za adzukulu ndi za sukulu, osafunsanso ngati bambo a kunyumba ali pafupi.

Njuchi zimaika uchi ndi phula m'chisa chimodzi, ndipo kwa wongoyang'ana zonse zimaoneka zodyedwa. Wansapato anali ndi mwini njuchi pa foni, koma anasankha kuluma yekha chimene chinkanyezimira kwambiri. Paja akuluakulu anati, safunsa anadya phula.