Chikwangwani cha Nkhope Ziwiri

Pasiteji ya maminibasi panali dalaivala wina amene anzake ankamutcha Kachenjede. Njira yake inali ya kuchigwa chimene mayiko awiri akhala akulimbirana. Asilikali a pamlatho wolowera m'chigwamo ankafuna dzina latsopano limene boma lawo linapatsa chigwacho, koma eni chigwa, ngakhale uwaloze mfuti, ankatchula dzina la makolo awo basi.

Madalaivala anzake anasankha mbali. Ena analemba dzina lakale pagalimoto n'kumazungulira njira yafumbi popewa mlatho, ena analemba latsopano n'kumanyamula mabanja a asilikali. Koma mkuluyu, poti ankadziyesa wochenjera kuposa onse, analembetsa thabwa limodzi, uku dzina lakale, uku latsopano. Akayandikira mlatho, tembenu, akawoloka, tembenunso.

Mkazi wake, wosoka zovala, anali mwana wa m'chigwa momwemo. Bambo ake anagonapo m'chitokosi chifukwa chokana kufufuta dzina lakalelo pagolosale yawo. Thabwa lija linamunyansa mayiyu.

"Bambo a ana, sankhani dzina limodzi, ndidziwe kuti ndinakwatiwa ndi ndani."

Kachenjede anangoseka, amvekere dzina sadya, ndipo galimoto imamwa mafuta osati mbiri.

Tsiku lina, ali kalikiliki kukangana pafoni, anayiwala kutembenuza. Analowa mumsika wa m'chigwa dzina la asilikali lili poyera pagalasi. Palibe anamugenda. Amayi amene anali atayamba kukwera anangotsitsa madengu awo mwakachetechete n'kuyenda wapansi, ndipo apongozi ake, amene anali pakhonde la golosale, analowa m'kati osayankha moni. Manyazi ake mpaka kulakalaka nthaka itang'ambika!

Anabwerera wopanda ndi munthu mmodzi yemwe. Msilikali wa pamlatho anadabwa kuona galimoto yopanda kanthu tsiku la msika. Poyisecha anasolola thabwa lija, kulitembenuza, n'kupeza dzina loletsedwa kuseri. Makiyi analandidwa pomwepo, ndipo minibasiyo ikadali kupolisi, matayala ataphwa.

Atafika kunyumba anapempha mkazi wake kuti agulitse makina osokera akawombolere galimoto. Mayiyo sanachotse n'komwe phazi pamakina.

"Akanakulandani chifukwa choimira dzina lathu, ndikanagulitsa makina ndi mabulangete omwe, osaphethira. Koma munatigulitsa pamlatho tsiku ndi tsiku. Pitani kwa amene munkawasangalatsawo akakuwomboleni."

Lero Kachenjede amangokhala pasiteji, a kutsidya samukhulupirira, a m'chigwa samupatsa moni. Akuluakulu sananame, mapanga awiri avumbwitsa.